Muvi wa Waya ndi Timanati Tiwiri

Mu dirowa ya tebulo langa la kuntchito muli kawaya kopindika ngati mbedza, kotalika ngati chikhatho changa. Kumapeto kwake kwina anakapinda kuti kakhale ndi mutu wa muvi, kwinako anakamanga mfundo, ndipo pakati pamayenda timanati tiwiri ta njinga. Dzimbiri linakalowa kalekale. Ukakagwira m'mawa, zala zimanunkha chitsulo mpaka nthawi yoweruka. Anzanga a mu labu yoyeza madzi momwe ndimagwira ntchito amayesa ndi chotsegulira mabotolo, ndipo ine sindivutika kuwatsutsa. Anakapanga ndi amalume, mchimwene wawo wa amayi, m'nyengo yozizira ya chaka chomwe ndinali fomu faifi. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndipo ndinkadziyesa munthu wamkulu. Ndinali mwana ndithu.

Tinkakhala ku Seke, ku Unit N, m'zipinda ziwiri za kuseri kwa nyumba ya eni ake, ine ndi amayi basi. Bambo anapita ku Joni ndili giredi sikisi, ndipo mauthenga awo anapita nafupika mpaka anatheratu. Agogo athu anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, koma ine ku Malawi ndinali ndisanapondeko, ngakhale lero sindinafikeko. Amayi ankandilankhula m'Chichewa, ine n'kumayankha m'Chishona, kusukulu n'kumalemba m'Chingerezi, ndipo palibe amene ankaonapo chachilendo. Amayiwo anali ndi tebulo la tomato, anyezi ndi ndiwo zamasamba za kovo pafupi ndi pokwerera makombi opita ku Harare. Ankachoka m'mamawa, atavala majuzi awiri ndi masokosi omwe bambo anasiya.

Chinali chaka chija m'masitolo munatsala mashelefu okhaokha. Mipopi inkangotulutsa mphepo, ndipo madzi tinkakatunga pachitsime cha kudambo, pamzere wa zidebe womwe unkayenda ngati maliro. Aphunzitsi ankachoka mmodzimmodzi. Ukafika pasukulu Lolemba unkangomva kuti uje wawoloka malire. Ku sayansi kunatsala aphunzitsi amodzi okha oti aziphunzitsa makalasi onse, choncho ahedi analengeza kuti aliyense wolephera kemisitire pamayeso a pakati pa chaka achoka m'kalasimo. Amayi atamva sanakalipe. Iwo sankaopseza munthu, ankangonena zinthu monga zilili. Anati tsiku lomwe sukulu idzandichotse ku sayansi, kapena tsiku lomwe ufa udzathe m'nyumba, ndidzavula yunifolomu n'kukhala patebulo la tomato, iwo ayambe kukwera mabasi okaoda katundu kumalire monga ankachitira azimayi anzawo. Za ufazo sindinaziike kumtima. Ufa unali nkhani ya akuluakulu, yanga inali kemisitire.

Aphunzitsi otsalawo anali bambo wamtali, woonda, wa jekete imodzi yofiirira yoperepeseka pazigongono. Choko ankachithyola pawiri, theka lina n'kuliika m'thumba la jekete. Sindidziwa chomwe chinawatsalitsa anzawo onse akupita. Sitinawafunsepo, ana a sukulu saganiza zofunsa zotero. Labu yathu inali ndi masinki ouma odzaza fumbi, ndi mabotolo a bulauni olembedwa mayina okongola koma m'kati mulibe kanthu. Mawindo awiri analibe magalasi, ndipo mphepo ya mu Juni inkalowa n'kumatiluma m'mawondo. Buku linali limodzi pa tebulo lililonse, lopanda chikuto, ndipo tinkasinthana kupita nalo kunyumba. Kemisitire yathu yonse inkachitikira pabolodi.

Teremu imeneyo tinayamba kemisitire ya kaboni, ndipo sabata yachitatu aphunzitsi analemba mawu awiri aatali pabolodi: nyukiliyofailo ndi elekitirofailo. Anati tisaope kutalika kwake. Maatomu amagwirana ndi maelekitironi, ndipo pogwiranapo maelekitironiwo amakhala awiriawiri. Nyukiliyofailo ndi kanthu komwe kali ndi awiri oti kangathe kupereka. Elekitirofailo ndi komwe kakuperewedwa, kali ndi malo oti kalandire. Ziwirizi zikakumana, maelekitironi amachoka pomwe ali n'kukamanga mgwirizano watsopano pomwe panalibe, ndipo ntchito yathu inali kusonyeza ulendo umenewo ndi kamuvi kopindika. Chitsanzo chomwe ankachikonda chinali cha kaboni wogwirana ndi bulomini. Bulomini ndi wadyera, amakokera maelekitironi kwa iye, kaboni n'kutsala wosowa. Kenako haidirokisaidi, yemwe ali nawo otsala, amapereka awiri kwa kaboniyo, bulomini n'kuchoka ndi ake awiri. Mivi iwiri basi, ndipo chotulukapo ndi ethanolo, yemweyo wa mu mowa. Anyamata a kumbuyo anamvetsera bwino tsiku limenelo.

Kamodzi kokha tinaona ndi maso. Aphunzitsi anapeza kabotolo ka madzi a bulomini kuseri kwa kabati, otsalira pansi, a mtundu wa tiyi wopanda mkaka. Anabweretsa supuni imodzi ya mafuta ophikira kuchokera kwawo, m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa. Atatsegula, fungo lobaya m'mphuno ngati la mankhwala oyeretsera zovala linafika mpaka kumabenchi apakati. Anathiramo mafuta aja, natseka, nakhutchumula, mtundu uja n'kuzimiririka tikuona. Anafotokoza kuti m'mafutamo muli makaboni ogwirana pawiri, olemera maelekitironi, ndipo ndiwo apereka kwa bulomini. Kalasi lonse linausa moyo, koma ndikukhulupirira kuti theka la ife linkadandaula supuni ya mafuta ija. Mwezi umenewo kwathu tinkadya kovo wowiritsa ndi tomato basi.

Matanthauzo onsewo ndinawaloweza tsiku limodzi. Vuto linali dzanja. Ndikafika pojambula, muvi wanga unkayambira pa wosowa n'kulunjika kwa amene ali nazo, nthawi zonse, mwaukhondo, ndi pensulo yosongoka bwino. Mchira ndinkauika pa kaboni wosowa uja, mutu n'kuloza haidirokisaidi. Buku likabwera ndi mtanda, kulakwako ndinkakuona nthawi yomweyo, mawa lake n'kubwerezanso.

Lero ndikudziwa komwe dzanjalo linaphunzira zimenezo. Ku Unit N chinthu chikatha m'nyumba amatuma mwana ndi kapu. Ine ndinayamba kuyenda ndi kapu ndili ndi zaka zisanu, kapu ya pulasitiki yobiriwira, yopsa mbali imodzi. Unkagogoda pachitseko cha kukhitchini osati cha kumaso, unkapinda mawondo pang'ono, n'kunena mawu omwewo nthawi zonse, "Mhamha vati tipeiwo munyu," amayi akuti mutigawireko mchere. Tsiku lina unali shuga, lina machesi atatu. Anthu ankapereka akakhala nazo, ana awonso ankabwera kwathu ndi makapu awo, ndipo sichinali chinthu chamanyazi kwenikweni, ngakhale ine ndinkachita nacho manyazi. Koma pa zaka zonsezo sindinaonepo mchere ukudzuka wokha kubwera kwathu. Wosowa ndiye ankayenda. Ndiye aphunzitsi akati muvi ukusonyeza ulendo, dzanja langa linkadziwa kale kuti woyenda ndi ndani.

Aphunzitsi analibe inki yofiira chaka chimenecho. Ankachonga ndi pensulo, koma ankakanikiza mpaka mtanda kuonekera kuseri kwa pepala. Tsiku lina anaima pambali pa desiki langa, nagogoda buku ndi theka la choko, nati, "Mwanangu, museve unobva kune anazvo." Muvi umachokera kwa amene ali nazo. Ananena mosapsa mtima, ngati munthu wotopa ndi kutseka geti lomwe mphepo ikungolitsegula. Anawonjezera kuti muvi wobwerera kumbuyo sapatsa ngakhale theka la malikisi, popeza ukunena bodza za komwe maelekitironi achokera, ndipo pamayeso funso la mivi lidzakhala lalikulu kuposa onse. Pa timayeso tiwiri totsatizana ndinali kumunsi kwa mzere wolekanitsa okhoza ndi olephera. Ndinayamba kuliyang'ana ndi diso lina tebulo la amayi ndikamadutsa pochokera kusukulu: mmene ankaunjikira timilu ta tomato, anayi pansi mmodzi pamwamba, ndi nsanza yonyowa yomwe ankapukutira fumbi la makombi. Sindinkalira. Ndinkangowerenga masabata otsala.

Amalume ankabwera Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi, panjinga yakuda yopanda mabuleki akumbuyo, kuchokera cha ku Manyame Park komwe ankachita lendi. Anali okhoma malata. Ankapanga zidebe, mbaula ndi mapoto pansi pa mtengo wina m'mbali mwa msewu wa Seke, ndipo zala zawo zinali ndi zipsera zopyapyala ngati anazitema ndi lezala. Anzanga ankatchula mlongo wa amayi awo kuti sekuru, m'Chishona, koma amalume ukawaitana choncho ankacheuka ngati ukuitana wina kumbuyo kwawo. Unkayenera kunena kuti amalume, ndipo nkhani yonse iyende m'Chichewa, ngakhale chikhale chothyokathyoka. Ankati ndife mbumba yawo. Ine mawu amenewo ndinkangowamva ngati za anthu akale.

Chomwe chinkandinyansa n'chakuti sanabwerepo osapempha kanthu. Akangokhala pampando wa pakhomo ankayamba, "Achemwali, kulibe katiyi uko?" Akamwa ankapempha singano, kapena kamchere kokulunga m'pepala, kapena tomato awiri oti akadyere madzulo. Amayi ankasankha tomato wabwino, osati wophwanyika yemwe ife tinkadya, n'kuwapatsa ndi manja awiri. Mu tiyi wawo ankathiramo shuga, pomwe ife shuga tinamusiya pa Isitala. Kanali kashuga ka m'botolo la mayonezi komwe amayi ankabisa kuseri kwa mbale, ndipo ine ndinkadziwa mlingo wake kuposa iwo.

Anali ndi chizolowezi chinanso chotopetsa, chosungitsa katundu. Pakaliyala ya njinga pankakhala kathumba, nthawi zina ka ufa, nthawi zina ka nyemba kapena mtedza, zomwe anthu a kumidzi ya ku Seke ankawapatsa posinthana ndi zidebe, poti chaka chimenecho anthu ankakhulupirira chidebe kuposa ndalama za pepala. Ankati komwe ankagona kunali manja aatali, choncho tiwasungireko, adzatenga. Ankalowa nako okha n'kukakaika kuseri kwa chitseko, osayang'ana munthu. Sindinawaonepo akutenga. Ndinkati ndi ulesi, kapena kuiwala kwa anthu akuluakulu, ndipo chipinda chathu chinali chopanikiza kale popanda matumba a eni.

Ndinaonanso china. M'mawa wina ndinapeza amayi atagwada kuseri kwa chitseko, akutapa ufa m'thumba la amalume ndi kapu yobiriwira ija. Atamaliza analigwedeza thumbalo kuti lioneke lodzaza, namanga mfundo monga momwe inalili. Sanandione, kapena anachita ngati sanandione. Ndinapita kusukulu mtima ukuwawa. M'kalasi, aphunzitsi akunena za osowa ndi okhala nazo, ndinawagawa m'mutu anthu a kwathu. Amalume anali elekitirofailo weniweni, wongolandira. Amayi ndinasowa powaika, ndipo ndinasiya kuziganizira.

Lamlungu lina, kutatsala masabata atatu kuti tilembe, ndinakhala pakhonde padzuwa ndi buku langa la mitanda. Amalume, kapu ya tiyi ili m'manja, anasuzumira nafunsa kuti mbedza zonsezo n'zowedzera nsomba yanji. Ndinayamba kuyankha m'Chingerezi kuti atope msanga. Anandidikira mpaka ndinamaliza, kenako anati ndibwereze m'chilankhulo cha amayi anga. Dzina la elekitironi m'Chichewa ndinalisowa, ndiye ndinangoti tinthu tiwiri. Uyu ali nato, uyu alibe, muvi uyenera kuchoka kwa amene ali nato kupita kwa wopanda, koma ine ndimaujambula chobwerera. Anafunsa chifukwa chake. Ndinawayang'ana iwo ndi kapu yawo, n'kuyankha ndi mwano wobisika uja umene ana amayesa akuluakulu saumva.

"Chifukwa amene ali nazo sayenda, amalume. Amayenda ndi wopempha."

Anauzira tiyi wawo, namwako pang'ono. Sananditsutse.

"Nanga muviwo, mwanawe, ukuloza ulendo wa munthu kapena wa katundu?"

Aphunzitsi ayenera kuti anali atanena zomwezo kangapo, koma m'Chingerezi zinkangondidutsa. Amalume anapita panjinga, natulutsa pulayala ndi chidutswa cha waya m'kachikwama ka pansi pa chishalo. Anamasula timanati tiwiri pa madigadi, natilowetsa mu wayamo, napinda uku mfundo, uku mutu. Ntchito yonse inatha tiyi asanazizire. Anaika kawayako pabuku langa timanati tili kumfundo, nati mfundoyo ndiziiika pomwe pali tinthu tija. Kenako anakankha timanati ndi chala chawo chazipsera, tinatsetsereka motsatira kupindikako mpaka tinakagunda kumutu. Anati ndizitsatira katundu, za amene wayenda ndi amene wagogoda pachitseko ndizisiye. Atatero anapempha amayi ulusi wakuda, ndipo pobwerera madigadi ya njinga yawo inkagwedera n'kumalira msewu wonse.

Masabata atatu aja ndinayenda ndi kawayako m'thumba la siketi, mpaka kanaboola nsalu. Funso lililonse ndinkayamba ndafufuza pomwe pali tiwiri: pa okosijeni wa haidirokisaidi, pa naitirojeni wa amoniya, pakati pa makaboni ogwirana pawiri. Ndikapapeza, mfundo apo, timanati n'kutsetsereka, pensulo n'kutsatira. Pamzere wa kuchitsime ndinkajambula pansi ndi kamtengo, chidebe ndikuchikankha ndi phazi, ndipo mayi wina anafunsa mnzake mokweza ngati mwana wa aMalawi uja wayamba kuombeza. Poyamba dzanja linkakana ngati mbuzi yokokedwa ndi chingwe. Sabata yachiwiri linayamba kugonja. Aphunzitsi atakaona kawayako anakatembenuza kangapo, nafunsa amene anakapanga. Nditati amalume okhoma zidebe, anati munthu ameneyo akanakhala ndi satifiketi akanamusiyira fomu foro. Anakabwereka tsiku limodzi kukaonetsa kalasi lina, nabweza, nandichenjeza kuti m'chipinda cha mayeso sikalowa.

Ndinene pano kuti maelekitironi alibe chifundo, alibe manyazi, ndipo sadziwa mbale. Amapita komwe akukokedwa, basi. Ana a sukulu akabwera kudzaona labu yathu ndimawaletsa kunena kuti atomu ikufuna kapena ndi yadyera, ngakhale ine ndinaphunzira choncho ndipo zinandithandiza. Kawayako sikanandiphunzitse khalidwe lililonse. Kanangondiphunzitsa poyambira pensulo.

Tinalemba Lachinayi m'mawa, kukuzizira moti zala zinkakana kupindika. Funso la mivi linali la makaboni ogwirana pawiri akukumana ndi haidirojeni bulomaidi, funso lomwe limakola anthu ambiri chifukwa haidirojeni wosowa uja ndiye amaoneka ngati mlendo wobwera. Dzanja linapita lokha pa haidirojeni, nsonga ya pensulo mpaka kukhudza pepala. Kadontho kameneko ndimakakumbukirabe. Ndinaika pensulo pansi, ndinapisa dzanja m'thumba lobooka lopanda kanthu, n'kuchita ngati ndikukankha timanati ndi chala chachikulu. Kenako ndinatola pensulo ndi kuyambira pa makaboni.

Zotsatira anazimata pachitseko cha labu patapita sabata. Sindinakhoze mochititsa kaso. Ndinali wachitatu kuchokera pamzere, koma kumtunda kwake. Mtsikana yemwe tinkakhala naye desiki limodzi anali kumunsi, ndipo teremu yotsatira ndinkamupeza akugulitsa mazira owiritsa pokwerera makombi. Tinkapatsana moni mwachangu, aliyense akuyang'ana kwake. Amayi nditakawauza anali akuunjika tomato. Anati chabwino, naika wachisanu pamwamba. Madzulo ake anathira supuni ya mafuta mu kovo, ndipo sindinafunse komwe anawapeza.

Lamlungu lotsatira ndinali ndikuyenda ngati mwini msewu. Amalume anafika ndi kathumba kena, nakakaika kuseri kwa chitseko, nakhala pampando wawo. Ndinawauza za mayeso. Anagwedeza mutu, nati waya ndi waya, wakhoza ndiwe, kenako anafunsa za katiyi monga mwa nthawi zonse. Ndinamva amayi akukanda pansi pa botolo la shuga ndi supuni. Mpaka lero sindidziwa bwino chomwe chinandigwira. Mwina ndinkafuna kuwathokoza pa waya uja powauza zoona, mwina ndinkafuna onse awiri achite manyazi ine nditaima pamwamba. Ndikuganiza kuti zonse ziwiri zinalipo.

"Amalume, katundu wanu mukamasungitsa kuno muzimuyeza. Ufa wanu amayi amatapako."

Amayi anali pakhomo ndi kapu ya tiyi pakambale. Anaima pomwepo. Sanandiyang'ane ine, sanayang'ane mchimwene wawo, anangoyang'ana tiyiyo. Amalume anatenga nthawi akupukuta manja pa thalauza, ngati panali choti achotse.

"Ndi makoswe amenewo," anatero. "Ku Unit N kuno makoswe achuluka chaka chino. Bweretsani tiyiyo, achemwali, angazizire."

Ndinafuna kunena kuti makoswe samanga mfundo, koma amayi anandituma kuchitsime, ngakhale zidebe zonse zinali zodzaza. Nditabwerako amalume anali atapita, atatenga tomato wawo awiri. Amayi sanandimenye, sanandikalipire. Masiku atatu anaphika ufa wa m'timapepala togula pamsika, wowawa pang'ono, matumba a kuseri kwa chitseko osawakhudza, ndipo ankandilankhula zofunika zokhazokha, za madzi, za moto, za kutseka chitseko. Tsiku lachinayi m'mawa panalibe chophika. Ndinavala yunifolomu iwo akundiyang'ana nthawi yaitali ngati akuyeza siketi, kenako anati ndipite ndingachedwe. Masiku awiri otsatira tinadya tomato wophwanyika ndi mchere, ndi chimanga chokazinga chomwe mayi wa tebulo loyandikana nawo anawagawira. Ndinachita mantha sabata imeneyo, koma sindinagwirizanitse manthawo ndi pakamwa panga. Ndinkaona ngati amayi angoumitsa khosi.

Lamlungu amalume anabwera akukankha njinga osakwera, chifukwa pakaliyala anamangirirapo mgolo wa malata watsopano, wonyezimira, wa chivindikiro chothina. Anaulowetsa okha, nakhuthuliramo ufa wa m'matumba akale ndi wa thumba lina latsopano, fumbi loyera n'kudzaza chipinda chonse. Analankhula mokweza ngati akuuza khoma. Anati mu mgolo uwu makoswe salowa, koma ufa ukakhalitsa umachita anankafumbwe, ndiye achemwali aziuvundula tsiku lililonse, ndipo wapamwamba ukayamba kununkha azichotsako usawononge wapansi. Amayi anati amva. Kenako amalume anakhala pampando wawo napempha tiyi, ndipo anamwa wopanda shuga.

M'mawa mwake chinandidzutsa ndi chivindikiro cha malata. Amayi ankavundula ufa wa amalume monga anawauzira, ndipo wapamwamba unkapezeka kuti wanunkha tsiku lililonse mpaka mvula inagwa. Ndinamaliza fomu faifi, kenako sikisi, ndili m'kalasi la sayansi, ndipo mivi yanga sinabwererenso kumbuyo. Amalume anamwalira ndili ku koleji. Mgolo uja amayi akadali nawo, amasungiramo mabulangete, ndipo nkhani imeneyi ine ndi iwo sitinaikambepo.

Koma nyengo yonseyo ndinkakhulupirira kuti chondisiya pasukulu chinali kawaya ndi mutu wanga. Ndinkachitabe manyazi ndi amayi otapa za eni. Lamlungu lililonse ndinkakhala pakhonde ndi buku langa lopanda mitanda, ndikuona bambo uja akutsika panjinga ndi thumba lolemera n'kubwerera ndi tomato awiri, ine n'kumadzifunsa kuti munthu wamkulu chotero adzasiya liti kupempha.